Kalata kwa mwana wanga ku Delft, m'dziko la Netherlands

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tilipo, kupatula mwendo wa amako womwe uja. Mvula yachedwa, Ruo akadali wotsika.

Ndamva kwa amalume ako kuti kampani ina ya za ndalama ku London ikukunyengerera usiye za mitsinje, uzikawalosera mitengo ya masheya ndi makompyuta akowo. Ati malipiro ake ndi ochititsa mantha. Nanga nkhani ngati iyi ndiimvere kwa amalume? Pa WhatsApp umatitumizira zithunzi za njinga ndi ngalande za kumeneko, koma izi wakhala nazo chete. Zandiwawa, ndisakubisire.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene unandifotokozera pakhonde paja ndinazigwira. Unati kompyuta umaipatsa mvula ya zaka zambiri, kutentha kwa tsiku ndi tsiku, ndi mulingo wa madzi, ndiye imaphunzira yokha kuti mvula yotere ikagwa ku Mulanje, madzi afika liti ku Chiromo. Unatchula mnyamata wa ku Linz ku Austria uja, Kratzert, amene mu 2018, asanamalize n'komwe maphunziro ake a udokotala, anaonetsa kuti njira yophunzitsira kompyuta yotchedwa LSTM imatha kulosera mitsinje, ndipo mu 2019 anaiyesa pa mitsinje ya ku America yoposa 500 naonetsa kuti imathandiza ngakhale pomwe palibe choyezera madzi. Unkalankhula maso ali gwa, nsima n'kuzizira. Unati iwe udzachita zomwezo pa Shire. Unatero ndi pakamwa pako, ine sindinakutume.

Ukukumbuka unkanditsatira m'mamawa kumlatho, ine ndikuwerenga thabwa la manambala lija, iwe utagwira pensulo? Unkalira ndikakukaniza kulemba m'kabuku. Manambala amenewo ndiwo makina ako amaphunzirapo. Kwa azungu ali nawo a zaka zambirimbiri osadumpha. Kuno madzi akakokolola choyezera, pamakhala pululu mpaka kalekale, masamba a kabuku ali mbee. Ndani adziwe kuti chaka chakuti manambala akusowa chifukwa thabwa linapita ndi madzi? Wa ku Linz sadziwa Makhanga. Iwe umadziwa.

Ndalama sindidana nazo ayi. Malata a nyumba ino wagula ndiwe, mankhwala a amako ndiwe, ndipo ndimanyadira ndikamauza anthu kutchalitchi. Koma ndalama zikachuluka msanga munthu amasiya kumva. Msuweni wako anapita ku Joni ati zaka ziwiri zokha, lero ana ake sadziwa kupereka moni.

Namondwe Freddy uja mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Chilobwe matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba. Chaka cham'mbuyo mwake namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, tinakhala mumdima. Azakhali ako anagona m'kalasi pasukulu, mbuzi zonse zitapita. Akanamva dzulo lake kuti madzi akubwera, mbuzi akanazikwezera kumtunda. Masheya a anthu a ku London akatsika, afa ndani?

Ndiwe wamkulu, sindingakumange mwendo. Koma usasayine pepala lililonse tisanalankhulane, wamva? Usasayine. Ngati ndi ngongole ikukuvuta, nena, ng'ombe ilipo tigulitsa.

Imba Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo uimbe pa foni yanga, osati ya amalume. Amako akuti uzivala juzi ija ndipo uzidya, pa chithunzi wawonda.

Ndine,
Bambo ako