Alangizi a zaulimi akonzekeretsedwe ngozi isanagwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za alangizi a zaulimi, chifukwa ndaona kuti anthu amenewa timawakumbukira madzi atasefukira kale, pamene tikuwatuma ndi kope m'manja kukawerenga mahekitala okokoloka ndi kulemba mayina a mabanja ofunika thandizo.

Ife a m'chigwa cha Shire takumana ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo tisanapume n'komwe kunabwera ng'amba ya El Niño imene inachititsa boma kulengeza mu 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pa zonsezi, wantchito wa boma amene mlimi wa ku Makhanga kapena ku Ngabu amamudziwa nkhope ndi mlangizi, osati akuluakulu a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ku Lilongwe.

Nthambi yoona zanyengo imalengeza ulosi wa mvula dzinja lisanayambe, koma kumva pa wayilesi kuti mvula idzachepa kapena idzachuluka sikumuuza mlimi chochita m'munda mwake. Ndi mlangizi amene angakhale naye pansi n'kumuuza kuti chaka chino abzale mapira kapena chimanga chocha msanga, akonze akalozera ndi ngalande, ndiponso asamutsire khola la mbuzi kumtunda mtsinje wa Ruo usanadzaze. Kodi angatero bwanji ngati iye mwini ulosiwo waumvera pa wayilesi yomweyo, njinga yake yamoto ilibe mafuta, ndipo mayunitsi oimbira alimi otsogola akugula ndi ndalama za m'thumba mwake?

Chondiwawa kwambiri ndi nkhani ya mbewu. Madzi akaphwa amasiya chinyontho m'madimba, koma chinyonthocho sichidikira munthu. Kawirikawiri mbewu ya mbatata ndi mitengo ya chinangwa zimafika pa galimoto nthaka itayamba kale kung'aluka, kholowa ali wofota chifukwa cha ulendo wautali, ndiye alimi amangolandira mwaulemu basi. EPA (dera la ulangizi wa zaulimi) iliyonse ya m'madera osefukira ikanakhala ndi nazale yake pamalo okwera, yoyang'aniridwa ndi mlangizi pamodzi ndi makalabu a alimi, anthu akanabzala sabata yomweyo imene madzi aphwa.

Popeza dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, ndikupempha Unduna wa Zaulimi kuti uonetsetse kuti mlangizi ali ndi mpando ndiponso mawu m'makomiti a ngozi a m'midzi, komanso kuti sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR, kumene alangizi ambiri amaphunzira, izame pa maphunziro a kuwerenga ulosi wa nyengo. Mafuta ndi maphunziro obwereza ziperekedwe mwezi wa Seputembala, alimi akadasosa m'minda.

Mlimi wa m'dimba,
Nsanje