Usamutulutse kaye mlongo wako

Mwana wanga,

Sindinagone chiimbireni foni ija. Wati wamupatsa mlongo wako sabata imodzi, asiye mankhwala ozunguza bongo kapena atuluke m'nyumba mwako. Sindikukudzudzula ayi. Ndikudziwa za wailesi imene anakagulitsa, ndiponso kuti ana ako amathawira kuchipinda akangomva mawu ake pakhomo. Watopa, ndipo aliyense akanatopa.

Koma taganiza komwe akagone tsiku lachisanu ndi chitatu. Iwe ukuti akalawa mavuto a mumsewu adzasintha. Wogona pakhonde la eni amagona diso limodzi lili chipenyere, kuopa kumuvula nsapato kapena kumumenya. Ena amamwa mowa kuti amve kutentha, osadziwa kuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, thupi n'kumazizira msanga. Ena amasuta kapena kudzibaya kuti usiku ufupike. Ndipo amene angamugawire katoni yogonera ndi yemweyo amene angamugawirenso mankhwala. Munthu wozolowera mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin akawasowa, tsiku silitha, thupi layamba kale kuphwanya, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba. Zimenezo angazipirire popanda madzi, popanda chimbudzi, chibaba chitamugwira, wogulitsa ali pomwepo?

Sindikunena zamtima wa kholo zokha. Mu 1992 ku New York, katswiri wa zamaganizo Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing, lomwe linkapatsa anthu a mumsewu nyumba osawauza kuti ayambe asiya mowa kapena mankhwala. Thandizo la chipatala linkawatsatira m'nyumbamo. Dziko la Finland linatenga njira yomweyi mu 2008, ndipo anthu okhalitsa mumsewu anachepa kwambiri. Sikuti onse anasiya, ndisakunamize. Koma ambiri anakhazikika, ndipo munthu amene ali ndi pokhala dokotala amadziwa komupeza.

Ana ako ndi adzukulu anga, sindingafune kuti azikhala mwamantha. Ngati kukhala naye kwakanika, timupezere kachipinda kakang'ono pafupi nawe. Lendi ndizilipira ine, ndizipereka m'manja mwa mwini nyumba, iyeyo osamugwiritsa ndalama. Chakudya uzimupatsa chophika kale. Akakweza dzanja pa munthu, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndidzakhala mbali yako.

Chinthu china chimene chimandiopsa ndi ichi: akasiya kwa milungu ingapo, thupi limaiwala mlingo umene linazolowera. Akadzabwereranso n'kutenga mlingo wakale uja, akhoza kusiya kupuma. Tikapita naye kuchipatala tikafunse za methadone, mankhwala a kuchipatala othandiza munthu kusiya heroin, komanso za naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapyola muyeso wa heroin.

Ndikubwera Loweruka m'mawa. Za sabata imodzi zija usazitchulenso mpaka ndifike, ndikufuna ndimuone ndekha, ndiyankhule naye ana atapita kosewera. Undipatsire moni kwa bambo a kunyumbako.

Ndine,
Mayi ako