Mbiri ya Lexus LS 400 ndi zoyenera kudziwa musanaitanitse Celsior yakale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za galimoto imodzi imene ndidaigwira kangapo pa zaka zimene ndidali makaniko, ndipo mpaka lero ndimaipatsa ulemu. Chandichititsa kulemba kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga, amene mwezi wathawu adabwera kwathu foni ili m'manja kudzandionetsa Toyota Celsior yakale imene adaipeza pa intaneti kwa ogulitsa galimoto a ku Japan. Adati, "Malume, onani galimoto ya mabwana, mtengo wake ngati wa timagalimoto tating'ono tija." Ndidazindikira kuti achinyamata ambiri akuona zomwezi, koma sakudziwa kumene galimotoyi idachokera ndiponso chimene imafuna kwa mwini wake.

Celsior ndi dzina limene galimotoyi inkadziwika nalo ku Japan, pomwe m'maiko ena idali Lexus LS 400 (Lexus ndi dzina limene Toyota idapatsa galimoto zake zaulemu). Nkhani yake idayamba mu 1983, pamene mkulu wa kampani ya Toyota, Eiji Toyoda, adafunsa akuluakulu anzake ngati angathe kupanga saluni yaikulu yopikisana ndi Mercedes-Benz ndi BMW. Nthawi imeneyo Toyota inkadziwika ndi galimoto zolimba za anthu wamba monga Corolla, ndipo munthu wopeza bwino ku America akafuna galimoto yaulemu, maso ake ankapita ku Germany. Ntchitoyi idatchedwa F1 ndipo adaipereka m'manja mwa injiniya Ichiro Suzuki. Mu 1985 kampaniyo idatumiza gulu la antchito ake ku California kukaona mmene anthu achuma amakhalira ndiponso zimene amayembekezera akakhala pachiwongolero. Mainjiniya pafupifupi 1,400 adagwira ntchitoyi, galimoto zoyeserera zidakwana pafupifupi 450, ndipo ndalama zimene zidalowa zidaposa madola biliyoni imodzi. Galimotoyi idaonetsedwa koyamba ku Detroit mu January 1989, n'kuyamba kugulitsidwa chaka chomwecho pamtengo wosafika madola 40,000, wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa galimoto za ku Germany za msinkhu wake.

Chimene ine ndimachilemekeza pa galimotoyi si zikopa za pamipando kapena matabwa opukutidwa a mkati ayi, koma chete wake. Injini yake, imene imatchedwa 1UZ-FE, ndi ya masilinda 8 oikidwa m'mizere iwiri ngati chilembo cha V, ya malita 4, ya mavalavu 32, ndipo idaumbidwa ndi aluminiyamu kuti isalemere. Inkatulutsa mphamvu ya horsepower 250, yokwanira kuthamangitsa galimoto yotalika pafupifupi mamita 5 mpaka makilomita 250 pa ola. Komabe tsiku loyamba limene ndidaimva ikulira pagalaja, ndidachita kugwira boneti ndi dzanja kuti nditsimikize ngati yayakadi. Suzuki sadafune kubisa phokoso ndi zofunda zambiri zokha, koma kulithetsa kumene limabadwira. Motero injini, giyabokosi ndi shafuti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo adaziika mumzere wowongoka kuti pasakhale kunjenjemera, malata ena a pansi adawapanga awiriawiri ndi chofewa pakati pake, ndipo magalasi adawalinganiza ndi thupi la galimoto kuti mphepo izidutsa mosaliza khweru. Nambala imene akatswiri amayezera kukaniza kwa mphepo idatsika mpaka 0.29, imene pa saluni yaikulu ya zaka zimenezo idali yotsika zedi. N'chifukwa chake pootsatsa malonda adasanja matambula agalasi mulu pamwamba pa boneti, injini ikuthamanga, koma palibe limene lidagwa.

Pali chinthu china cha m'mbiriyi chimene ndimalakalaka ogulitsa galimoto onse atachidziwa. Chakumapeto kwa 1989, patangopita miyezi yochepa malonda atayamba, makasitomala awiri adadandaula, wina za chipangizo chosunga liwiro, wina za nyali ya mabuleki imene inkatentha kwambiri. Kampaniyo idaitanitsa galimoto zonse zimene zidali zitagulidwa, pafupifupi 8,000, ndipo ogulitsa ankapita okha kunyumba za eni ake kukazitenga, n'kuzikonza, kuzitsuka, kuzithira petulo ndi kuzibweza popanda kulipiritsa. Dzina la Lexus lidakhazikika ndi khalidwe limeneli monga mmene lidakhazikikira ndi injini.

Mitundu yotsatira ndingoidutsa mwachidule. Mu 2000 kudabwera LS 430 ya malita 4.3, ndipo mu 2006 LS 460 idabwera ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya 8, yoyamba yotere pa galimoto zogulitsidwa kwa anthu. Chaka chomwecho dzina la Celsior lidatha, popeza Lexus idali itayamba kugulitsidwa ku Japan komweko mu 2005. Izi zikutanthauza kuti Celsior iliyonse imene mukuiona pa intaneti idapangidwa 2006 isanathe, ndipo ili ndi ukalamba wake.

Apa ndiye pagona chimene ndikufuna awerengi amve. Galimotoyi ndi yotsika mtengo pogula chifukwa ku Japan anthu adaitaya kale, koma zofuna zake zidakali za galimoto ya mabwana. Popeza ife ndi a ku Japan timayenda mbali imodzi ya msewu, chiwongolero chili kumene tidazolowera, ndipo kuitanitsa sikuvuta. Koma msonkho wolowetsera galimoto m'dziko muno umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo, ndipo Celsior yakale ili ndi zonse ziwiri. Masilinda 8 amamwa petulo monga masilinda 8, makamaka m'tauni momwe mumaima n'kunyamuka. Zina mwa galimotozi zili ndi mashoko a mpweya m'malo mwa masipuling'i, amene amachititsa kuti munthu amve ngati akuyandama, koma mphira wake ukakalamba umang'aluka, ndipo m'mawa mumapeza galimoto yakhala pansi mbali imodzi. Pansi pake n'pafupi kale ndi nthaka, choncho maenje ndi mahampu athu amaipweteka msanga.

Amakaniko anzanga akudziwanso zina. Pampu ya chiwongolero ikayamba kudontha, mafuta ake amagwera pa alternator imene ili pansi pake, ndipo mwini wake amangogula batire lina ndi linzake osadziwa kuti vuto lili pamwamba. Sitata idabisika pakati pa injini, kotero kuti kuifikira kumafuna kumasula zambiri za pamwamba, ntchito ya tsiku lathunthu. Lamba wa taiming'i ayenera kusinthidwa pa nthawi yake, makamaka pa injini za kuyambira 1997, chifukwa akaduka mapisitoni amagunda mavalavu. Ndidalandirapo ina imene wina adaimanga mawaya ndi zingwe za mphira pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo zidandiwawa mtima kumva galimoto imene anthu adaivutikira zaka 6 kuti ikhale chete ikugogoda ngati ngolo ya ng'ombe.

Sindikunena kuti ndi galimoto yoipa. Injini yake ndi imodzi mwa zolimba kwambiri zimene ndidaziona, moti ku South Africa amakaniko amaichotsa m'magalimotowa n'kuiika m'mabokosibode monga Hilux. Munthu amene ali ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku, amene angathe kuitanitsa masipeya enieni ndi kudikira kuti afike, adzasangalala nayo paulendo wautali wa pa tala. Mwana wa mlongo wanga uja alibe galimoto ina, ndipo kumene amakhala msewu wake ndi wafumbi. Ndamuuza kuti akafunse kaye kuchuluka kwa msonkho, mtengo wa mashoko anayi, wa lamba wa taiming'i ndi wa pampu ya madzi, ndipo Loweruka likubwerali tikhala pansi pakhonde kuti tiwonkhetse zonse asanatumize ndalama ku Japan.

Ine wanu,
Makaniko wopuma ntchito,
Zingwangwa, Blantyre