Pempho la thandizo: buloko ya a Kopolo yagwa

Kwa ana onse a mudzi uno kulikonse kumene muli, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Cape Town ngakhale kutsidya la nyanja, ndi kwa aliyense amene anagwirapo choko pa sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Chiradzulu.

Tikulemba ndife a komiti ya sukulu, mogwirizana ndi a PTA, amayi ndi mafumu onse ozungulira. Buloko yakale ija, imene tonse tinakula tikuitchula kuti ya a Kopolo, yagwa. Khoma lake lakuvuma linang'aluka pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Tinalichirikiza ndi mitengo ya bulugamu ndipo linapirira ndithu, koma mvula ya dzinja lino yalimaliza. Linagwa usiku, denga nkutsatira. Chikhala kuti zinachitika kutacha, bwenzi kalata ino ili yolengeza maliro, chifukwa mmenemo ndi mmene mumaphunzirira ana a Sitandade 1 ndi 2, ndipo mukudziwa nokha mmene amadzazira.

Pano anawo akukhala pansi pa mango aja a kumbuyo kwa ofesi. Bolodi timaitsamiritsa pa tsinde. Mitambo ikangoda chakuphiri, aphunzitsi amawabalalitsa kuti athamange mvula isanawapeze, ndiye pali masiku ambiri amene mwana amabwerera kunyumba asanalembe ngakhale dzina lake. Ampingo anatibwereka tchalitchi, tikuthokoza, koma pakakhala maliro kapena msonkhano wa chigawo timayenera kutuluka. Makolo ena ayamba kuwasunga ana kunyumba, ati adikire chilimwe. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akazolowera kukhala pakhomo ndi mbuzi, kumubwezanso m'kalasi ndi ntchito yaikulu.

Achikulire mukuidziwa mbiri ya nyumba imeneyi. Koma pali ana anu obadwira m'tauni amene amangomva kuti a Kopolo, a Kopolo, osadziwa kuti anali yani, ndiye tiloleni tiifotokoze monga atiuzira mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene akali moyo pakati pathu, komanso monga zikuonekera m'kabuku kawo ka usilikali.

A Kopolo sanabadwire m'mudzi muno. Makolo awo anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nkudzakhala pa malo a esiteti kumene anapezanso thangata ikuwadikira. Bambo awo anagwidwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo ya chiwaya ya 1914 mpaka 1918, kusenza katundu wa asilikali pamutu ulendo wa kumpoto. Anabwerako ali wodwaladwala ndipo sanakhalitse. Mnyamatayo analeredwa ndi mayi ake, khasu m'manja, kulima chimanga, nandolo ndi chinangwa, osaponda pakhomo la sukulu ngakhale tsiku limodzi. Atakula anadzakwatira kuno, nkukhala mkamwini pa mbumba imene ambiri a inu mukutuluka.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, boma la atsamunda linkayenda m'midzi kufuna anyamata a Keyala, gulu la King's African Rifles. Msonkho unali pakhosi, thangata ili pamsana, ndipo malipiro a msilikali ankaposa zimene munthu akanapeza pa esiteti. Anapita ku Zomba kukalembetsa, kusiya mkazi ali ndi mwana wakhanda. Kuchoka ku Zomba anawatengera ku Kenya, kenako pa sitima yapamadzi kuchokera ku Mombasa mpaka ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 analowa m'dziko la Burma ndi gulu lalikulu la 11th East African Division, mmene munali asilikali a ku Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Ntchito yawo inali kulondola asilikali a Japan kutsika chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yamphamvu imene magulu ena ankaona kuti nkhondo singamenyeke. Misewu inasanduka matope, magalimoto nkutitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Malungo ndi matenda ena a m'tchire anagwetsa anthu ochuluka m'chigwamo. Anayenda choncho miyezi, kumenyana m'zitunda, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin, pa tauni ya Kalewa, kumayambiriro kwa Disembala chaka chomwecho.

Amene munawaona mukukumbukira kuti za kuwombana sankakonda kukamba. Ana tikawaumiriza ankatiuza za misundu yolowa m'jombo, za njovu zonyamula mitengo, za nyanja yoti mumayenda masiku osaona mtunda. Nkhani imene ankaibwereza okha osafunsidwa inali ya makalata. Poyamba, akafuna kulembera mkazi wawo, ankapempha mnzawo wa ku mishoni kuti awalembere, ndiye zakukhosi zonse zinkadutsa m'makutu mwa munthu wina. Kalatayo ikafika kuno, agogo aakazi ankayenda nayo mtunda wautali kukafuna wowawerengera, ndipo pobwerera mudzi wonse unali utadziwa kale zimene mwamuna wawo wanena. Chinthu chimenechi chinkawapweteka kwambiri. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chinyanja kunkhondo komweko, ali munthu wamkulu, ndipo kalata yoyamba imene analemba ndi dzanja lawo ikadalipo. Zilembo zake ndi zikuluzikulu, zopendekeka, koma zimawerengeka.

Nkhondo inatha mu 1945. Asilikali pobwerera kwawo analandira kangachepe, ndipo ambiri anagula njinga, makina osokera, ena anatsegula tiyirumu kapena kagolosale. Palibe angawadzudzule, anali atazivutikira. A Kopolo anapita kwa mfumu kukapempha malo, naumba njerwa ndi anyamata a m'mudzi kudambo kuja, nalipira mmisiri ndi kugula zitseko ndi mafelemu ndi ndalama yawo ya usilikali. Denga loyamba linali la udzu. Malata anabwera pambuyo, pang'onopang'ono, akagulitsa fodya ndi nandolo. Mphunzitsi asanapezeke ankaphunzitsa okha, ana ataima pamzere ngati ali pa pelete. Pa njala ya 1949, pamene amuna ambiri a dera lino anachoka kuti akukafuna chakudya, ena osabwereranso kwa akazi awo, iwo anakhala. Ana amene ankabwerabe kusukulu ankawaphikira phala la chinangwa cha m'munda mwawo.

Tikufuna mumvetse bwino apa. Munthuyu anali mkamwini. Mwa mwambo wathu analibe dothi pano, ana amene anabereka anali a kuchikazi, ndipo banja likanatha akanangonyamula tiranki yawo nkumapita. Komabe chuma chimene anachipeza ataika moyo wake pa chiswe ku Burma anachikwirira m'nthaka ya eni ake, kuti ana a eni akewo asamakapemphe munthu wowawerengera kalata. Eni akewo ndi inu ndi ife.

Chaka chilichonse mu Novembala ankavala chijasi chawo ndi mamendulo, pakati pake pali nyenyezi ya Burma Star, nkupita ku Zomba kukaima pa chipilala cha asilikali a KAR pa mwambo wokumbukira amene anafera kunkhondo. Anamwalira asanaone sukulu yaulere ya 1994, imene inadzaza bwalo lathu ndi ana mpaka boma ndi mabungwe anatimangira mabuloko enawo. Koma ya a Kopolo sinapumepo. Mwa inu amene lero muli aphunzitsi, anamwino, madalaivala, asilikali, abusa ndi ogwira ntchito m'maofesi, ndani amene sanayambire a, e, i, o, u mmenemo?

Banja linapereka tiranki yawo kusukulu kuti ana azionako mbiri, ndipo inkakhala m'kachipinda ka pakona ya buloko yomweyo. Tinaifukula m'mabwinja kutacha. Mamendulo ali bwino. Kabuku ka usilikali kananyowa ndipo masamba ena amatana, chijasi chachita nkhungu. Pakadali pano zonse zili kunyumba kwa a hedi, zomwe si zoyenera kwa nthawi yaitali.

Musaganize kuti tangokhala manja lende. Zigumuka zonse tachotsa, njerwa zabwino taziunjika padera. Mudzi uliwonse uli ndi tsiku lake la chitukuko. Amayi atuta mchenga kumtsinje pamutu, mulu wake mukauona simungakhulupirire kuti palibe galimoto inafikapo. Abambo akuswa miyala. Ana a Sitandade 7 ndi 8 amatunga madzi akaweruka. Mwana wa a Kopolo uja, ndi ukalamba wake, amabwera ndi kachitini kake ka mchenga, ndipo tikamuletsa amatikalipira. Banja lililonse lasonkha kangachepe, ena nkhuku, ena ndowa ya nandolo, m'chaka chimene nkhokwe zambiri zili pululu.

Pamene mphamvu zathu zathera ndi pa zinthu za kusitolo. Tikanaumba njerwa ngati kale, koma masiku ano nyumba za sukulu zikufunika mabuloko a simenti pofuna kuteteza mitengo, ndipo sititsutsa, phiri lathu mukuliona mmene lameteka. Choncho tikufuna simenti yambiri, ya mabuloko, ya maziko ndi ya pansi. Tikufuna malata, matabwa a denga, misomali, zitsulo za lintala, mafelemu, zitseko ndi malipiro a mmisiri. Malata akale anapindika moti otsala abwino sangafolere ngakhale khonde. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa simenti sukhazikika, ndipo mmisiri akati awerengere lero, sabata yamawa zasintha. Nchifukwa chake sitikulemba chiwerengero pano. Tingonena kuti ndi ndalama yoti ife tokha, ndi nandolo wathuyu, sitingaifikire.

Sitinathamangire kwa inu poyamba. Khoma litangong'aluka kunabwera akuluakulu ena ndi magalimoto, anayendera, anajambula zithunzi, natilonjeza pamaso pa mafumu ndi ana kuti malata ndi simenti zifika mvula isanagwe. Amayi anavina, tinawaphera ndi mbuzi. Mvula yagwa, yapita, yabweranso, ndipo nyumba ija yagwa tikudikira. Makalata talemba kumene kumayenera kulembedwa, mayankho ake ndi akuti tidikire, sukulu zowonongeka ndi zambiri m'boma lino. Zimenezo nzoona, Freddy sanasankhe. Koma mwana wa Sitandade 1 sangadikire zaka zitatu.

Tsopano tilankhule nanu ngati ana athu. Zimatichititsa manyazi kuti sukulu za midzi yoyandikana nayo zathandizidwa ndi ana awo a kunja, pamene ife, amene tinayamba kukhala ndi sukulu iwo asanaganize nkomwe, tikuphunzitsira pansi pa mtengo. Ena mwa inu timakuonani pa maliro pokha, mumafika m'mawa, madzulo fumbi lokhalokha. Ena pa Khirisimasi mumadutsa pa msewu wa kusukulu magalasi a galimoto atatsekedwa. Alipo ena amene amayi awo akusenza mchenga pano, koma foni yawo yatha zaka isanalire. Sitikutchula munthu, ndipo tikudziwa kuti moyo wa ku Joni si wophweka, mapepala amavuta, lendi ndi yokwera, ena mumagona ndi mantha. Komabe akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. A Kopolo anafika kutali kuposa nonsenu, kumene kunalibe foni kapena basi yobwerera, koma sanatchone.

Kwa inu adzukulu ndi zidzukulutudzi za malemuwa, makamaka amene munatsata mapazi awo nkuvala yunifolomu ya Malawi Defence Force, mbumba yanu yatipempha kuti tikuuzeni mwapadera kuti ikukudikirani. Sitikuti mumange nokha. Koma dzina limene lili pa nyumbayi ndi la agogo anu, ndipo anthu akamafunsa kuti kodi a kubanja achitapo chiyani, amalume anu amasowa poyang'ana.

Tamva kuti ena mumafunsa za zopereka za zimbudzi za atsikana zija. Zimbudzizo zinamangidwa ndipo zikugwira ntchito, bwerani mudzazione. Ndalama za ulendo uno zizilandiridwa ndi msungichuma wa komiti pamaso pa a hedi ndi a gulupu. Amene mukukayika kutumiza ndalama, gulani thumba la simenti kapena lata ku Limbe mutumize pa galimoto, tidzakalandira pa siteji ndi ngolo. Thumba limodzi sitilinyoza. Amene muli m'magulu a ana a kwathu ku Johannesburg ndi ku Cape Town, sonkhanani mutumize pamodzi. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba funsani kwa abale anu kuno kapena kwa a mfumu a mudzi wanu, onse ali nazo.

Cholinga chathu ndi kumanga makalasi awiri pa malo omwewo, ndi kachipinda kotseka bwino kosungiramo tiranki ya a Kopolo, pamwamba poti madzi sangafike. Njerwa zawo zimene zapulumuka tidzamangira khonde. Ngati alipo pakati panu wodziwa kasamalidwe ka mapepala akale, atithandize nzeru pa kabuku kaja tisanakawononge poyesa kumatula masamba.

Mvula ikangodukiza tikufuna kuyamba kukumba maziko ndi kuumba mabuloko ndi simenti iliyonse imene idzakhale itafika. Loweruka loyamba la mwezi wamawa kuli msonkhano wa makolo ndi mafumu pabwalo la sukulu, ndipo mayina a onse amene athandiza adzawerengedwa pamenepo. Amene mungathe kufika, fikani. Amene simungathe, tumizani mawu kudzera kwa abale anu kuti tidziwe poyambira.

Ndife anu,
Komiti ya sukulu, a PTA, amayi ndi mafumu onse a dera lino