Mafupa a anthu a Avar sanena kuti eni ake ankadzitcha ndani

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maganizo omwe afala oti munthu akangoyezetsa DNA, basi wadziwa mtundu wake. Nkhani ya anthu akale otchedwa Avar ikundikayikitsa za maganizo amenewa.

Anthuwa anafika pa akavalo m'chigwa cha mtsinje wa Danube, komwe lero kuli dziko la Hungary, cha mu 568. Akatswiri a mbiri yakale anakangana kwa nthawi yaitali za komwe anachokera. Mu 2022 ofufuza anayeza mafupa a akuluakulu awo, aja ankaikidwa m'manda ndi golide, n'kupeza kuti magazi awo ndi a cha ku Mongolia, kumene ufumu wa Rouran unagwetsedwa ndi a Turk mu 552. Ngati anathawa kumeneko ufumuwo utagwa, ndiye kuti anayenda makilomita oposa 5,000 pa zaka zosakwana 20. Apa DNA inathandizadi, sindikukana.

Kafukufuku wa mu 2024, wa anthu 424 a m'manda anayi, ndiye anandigwira mtima. Ku Rákóczifalva, mudzi wina wa ku Hungary, ofufuza analondoloza mibadwo 9 ya banja limodzi. Amuna ankakhala pamudzi wa bambo awo n'kuikidwa pafupi ndi abale awo. Akazi ankachokera kwina, chitengwa chenicheni, ndipo ana aakazi akakula ankakwatiwa kutali. Zikuonekanso kuti mwamuna akamwalira, mbale wake ankalowa chokolo. A Avar sanasiye mabuku a mbiri yawo, zonsezi zatuluka m'mano ndi m'mafupa.

Koma taonani za kufupi ndi Vienna, likulu la dziko la Austria. Manda a ku Leobersdorf ndi a ku Mödling ndi oyandikana, ndipo zovala ndi kaikidwe ka maliro n'zofanana. Chonsecho a ku Leobersdorf magazi awo ndi a kum'mawa kwa Asia, a ku Mödling ndi a ku Ulaya konko. Nanga Avar weniweni ndi uti pamenepa? Ine ndikuti onse.

Ngakhale anthu a ku Hungary lero amayankhula chinenero chomwe chinabwera ndi gulu la mtsogoleri wotchedwa Árpád cha mu 895, chachibale ndi cha a Mansi ku Siberia, koma magazi awo amafanana kwambiri ndi a maiko owazungulira.

Pempho langa n'lakuti mukamalemba nkhani zotere, muzitiuza kuti mafupa oyezedwawo ndi a anthu angati, a m'manda ati, komanso ngati anali a mafumu kapena a anthu wamba.

Ine wowerenga wanu,
Zomba