Mankhwala aletsedwa, koma ana akadali pamzere

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ife Amalawi okhala kuno ku England timangoinong'ona tikaweruka ku tchalitchi. Ndikunena za ana amene anabadwa aamuna koma mumtima amadzimva kuti ndi aakazi, kapena anabadwa aakazi koma amadzimva kuti ndi aamuna. Ana athu amaphunzira nawo kalasi imodzi, ndipo ena mwa iwo ndi a m'nyumba zathu zomwe.

Kwa zaka zambiri ana otere ankatumizidwa ku chipatala cha Tavistock ku London. Cha m'ma 2011 otumizidwa sankakwana 250 pa chaka, koma patatha zaka khumi anapitirira 5,000. Ena ankapatsidwa mankhwala oimitsa kutha msinkhu. Chipatalacho chinatsekedwa kumapeto kwa Malichi 2024, ndipo mu Epulo dokotala wa ana, Hilary Cass, anatulutsa lipoti lonena kuti umboni woti mankhwalawa amathandiza maganizo a mwana ndi wofooka. Pofika Disembala boma linaletsa kuyamba kuwapereka pa vutoli kwa ana osakwana zaka 18. Koma bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, likuvomerezabe chithandizo chotere, ndiye akatswiri eniakewo sanamvane.

Anzanga ena atamva za chiletsocho anaomba m'manja, amvekere: "Basi, zatha." Sizinathe ayi. Lipoti la Cass lomwelo lili ndi mbali imene sitiitchula. Ambiri mwa anawa amakhalanso ndi nkhawa, matenda ovutika maganizo, autism (vuto lokhudza kalankhulidwe ndi kachezedwe ndi anthu) kapena vuto lokana chakudya. Koma mwana akangotchula za umuna ndi ukazi, madokotala a kudera kwawo ankachita mantha n'kungolemba kalata yomutumiza ku London. Zina zonsezo zinkaiwalika, mwana n'kumadikira zaka. M'chaka cha 2024, pamene malo atsopano ankatsegulidwa ku London ndi ku Liverpool, ana oposa 5,000 anali akadali pamzere.

Kudikirako kumachitikira pakhomo pathu, maso athu akuona. Mwana wasiya kudyera patebulo, mbale akulowa nayo kuchipinda. Kunja kukutentha, iye wavala juzi ya manja aatali kubisa zipsera pamkono. Lolemba lililonse m'mimba mukumupweteka, sukulu sapita. Ife timayankha bwanji? "Tikutumiza kumudzi kwa agogo ako ukawongoke." Kapena timaitana abusa adzatulutse ziwanda. Mawu amenewa amandipweteka kwambiri, chifukwa mwana amene waululira mayi ake chinthu chotere amakhala atalimbana nacho yekha nthawi yaitali, ndipo akabwezedwa kamodzi sadzayambiranso.

Sindigwirizananso ndi amene amauza ana pa intaneti kuti popanda mankhwalawo afa basi. Mu Julayi 2024 Pulofesa Louis Appleby, mlangizi wa boma pa zopewa kudzipha, anaunika ziwerengero n'kupeza kuti sizikusonyeza kuti odzipha anachuluka chifukwa chosowa mankhwalawa monga ena ankanenera, ndipo anachenjeza kuti kuyankhula kotero kumaika anawo pachiswe.

Makolo anzanga, palibe akukukakamizani kusintha chikhulupiriro chanu lero. Ndikupempha kuti mwana akayamba kulankhula, mumumvetsere mpaka amalize. Pitani naye kwa GP, dokotala wa kudera kwanu, mukanene poyera kuti kusagona, kusadya ndi kudzicheka zithandizidwe panopa, zisadikire mzere wa chipatala chachikulu. Ngati akuopa kuuza inuyo, mpatseni nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana pafoni, 0800 1111. Ndi yaulere ndipo amayankha usana ndi usiku.

Kholo lokhudzidwa,
Leeds