Lipoti la maphunziro a gnuplot omwe munanditumako

Aphunzitsi anzanga a masamu, ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri aja kuno ku Zomba, ndipo zikomo pondikhulupirira.

Tinaphunzira gnuplot, pulogalamu yaulere yojambulira magalafu yomwe anaiyambitsa Thomas Williams ndi Colin Kelley mu 1986. Ilibe mabatani ambiri odina. Umalemba lamulo, galafu n'kutuluka. Ndi yopepuka ndipo sifuna intaneti ukangoiika, choncho makompyuta akale omwe ali m'masukulu athuwa angathe kuinyamula.

Tsiku loyamba ndinalemba plot x**2-4*x+3. Nthawi yomweyo kunatuluka mzere wokhota ngati mbale, wodula mzere wa x pa 1 ndi pa 3, pansi pake pali pa x = 2. Ndinakumbukira ana anga a Fomu 3 omwe amatha phunziro lonse akudontheza timadontho, ena n'kukhala opanda pepala la galafu lomwe. Kujambula pamanja asaleke, mayeso a MSCE amafuna zimenezo. Koma mwana ataona yekha mbale ija ikuvundikira pamene waika chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa x**2, sangadzaiwale.

Pali misampha itatu yomwe inatikola tonse. Mphamvu ya nambala imalembedwa  ndi nyenyezi ziwiri (**) osati ^. Ukalemba 1/2 imakupatsa 0, chifukwa manambala athunthu imawagawa mosasiya zotsala. Uyenera kulemba 1.0/2. Mayi wina amene tinakhala limodzi anavutika kwa kanthawi galafu yake ili gone pansi, vuto lili pomwepo. Wachitatu, sin(x) imawerenga ngodya mu ma radian osati madigiri mpaka utalemba set angles degrees.

Tsiku lachiwiri linali la mafayilo. Ndinatenga kaundula wa mvula wa pasukulu pathu, ndinamulemba mu fayilo, kenaka set datafile separator "," ndi plot "mvula.csv" using 1:2 with boxes. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale inaima njo, chilimwe chili pansi. Aphunzitsi a jogalafe akondwa nazo izi. Za splot, yojambula mbali zitatu, tinangolawa chifukwa magetsi anathima masana.

Pempho langa ndi lakuti tikumane Loweruka likubwerali. Pulogalamuyi ndili nayo pa fulashi. Aliyense abwere ndi funso limodzi la magalafu lomwe limavuta ana ake, ndipo amene ali ndi laputopu aitenge itadzaza moto.